Pusi ndi Mabatani Obwerera M'mbuyo

Mwambi uwu, adzukulu, unayamba motere, ndipo si kale kwenikweni ayi.

Ku Balaka kunali bambo wina, Levisoni Kamphale, amene anthu ankangomuti Pusi chifukwa sankakhalitsa pa nthambi imodzi: lero ukalipentala, mawa kukonza mawailesi. Imvi zitayamba, anaphunzira kupanga mapulogalamu a pa foni, ndipo gulu la alimi a thonje linamupempha awapangire pulogalamu yodziwira matenda a mbewu. Kupatula alimiwo, panalibenso wina m'tauni amene ankamukhulupirira.

Wapampando wa gululo, Mayi Namagonya, anapempha chinthu chimodzi. "Bambo Kamphale, batani lobwerera m'mbuyo likhale lofanana patsamba lililonse. Ambirife sitiwerenga."

"Zazing'ono zimenezo, mayi."

Patsamba loyamba, Pusi anaika kamuvi pamwamba, chakumanzere. Atafika patsamba la mbozi, kamuviko kanamunyansa, n'kuikapo kaphazi. "Ichi chakoma!" Patsamba la mvula anaika kanyumba, pansi penipeni. "Ichinso chakoma!" Pena anajambula nkhuku yocheuka, pena anachotseratu batani kuti munthu azingogwedeza foni.

Tsiku loonetsa ntchito, alimi anadzaza m'shedi yosungira thonje. Mayi Namagonya analowa patsamba la mbozi n'kukanirira momwemo.

"Ndituluka bwanji muno?"

"Dinani kaphaziko."

Anadina, n'kupezeka ali patsamba la mvula. "Nanga pano?"

"Nkhuku... ayi, kanyumba... tadikirani." Pusi thukuta linali kamukamu. Mwini wakeyo anali ataiwala.

Nkhalamba ina, a Chimtengo, inamva zogwedeza foni. Inagwedeza ndi mphamvu zake zonse mpaka foniyo inapulumuka n'kuswekera pasimenti.

"Mbozi zikutha thonje kumunda, inu mukutijambulira nkhuku," anatero Mayi Namagonya motsitsa mawu. "Pitani, bambo. Tipeza wina."

Pusi anayamba kuyenda chafutambuyo, akuwomba m'manja kupepesa, osaona belo la thonje kumbuyo kwake. Khu! chagada, miyendo m'mwamba. Palibe anaseka. Anangogona pomwepo maso ali kudenga, osafuna n'kudzuka komwe, akuganiza chokauza mkazi wake, amene anali atalengeza kale kumpingo kuti mwamuna wake tsopano wakhazikika.

A Chimtengo, akutola zidutswa za foni yawo, anamuyang'ana. "Lero lonse, wakwanitsa kubwerera m'mbuyo ndi yekhayu."

N'chifukwa chake mukaona munthu wosagwira chinthu chimodzi, akulu amati: ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada.