Makala a Masikono a Ukwati

Lolemba

Wailesi yandidzutsa ndi nkhani yoipa. Akuti ku Nyumba ya Malamulo avomereza lamulo latsopano: kuotcha, kunyamula kapena kugulitsa makala popanda chiphaso ndi mlandu. Akuti mitengo yatha, anthu aziphikira magetsi.

Magetsi ake ati? Kuno ku Chinsapo mapolo amathera kumsewu wa tala. Ife magetsi timangowaonera patali ngati nyenyezi.

Sabata yake n'kukhalanso ino! Loweruka mayi Nyagondwe a kumpingo kwathu akukwatitsa mwana wawo wamkazi, ndipo masikono onse a paukwati anaoda kwa ine. Aka n'koyamba kupatsidwa oda yaikulu chonchi. Ikayenda bwino, maukwati onse a mumpingo ndi anga. Ufa ndagula, shuga ndagula, majarini alipo. Koma uvuni wanga wa mgolo sudya china, umadya makala. M'khitchini muli thumba limodzi, nalonso lotsegula kale.

Chabwino. Iwo apanga lamulo lawo, inenso ndapanga langa, ndipo ndalilengeza madzulo pamaso pa banja lonse:

Makala a m'khitchini ndi a masikono basi.
Madzi otentha osamba atha. Wofuna kusamba alimbe mtima.
Nyemba zaletsedwa mpaka Lamulungu.
Wodzapala moto azibwera ndi khala lake.

Loko pachitseko, kiyi pamfundo ya chitenje. Amuna anga, bambo a Tiya, angoti, "Boma ili ndiye lankhanza." Inde. Za matipate zithere kunja kwa mpanda!

Lachiwiri

Wophwanya lamulo woyamba wagwidwa. Bambo a Tiya! Amasula kiyi ine ndili m'tulo, ndikudzuka ndikupeza simbi yadzaza makala, ili psuu, iwo akusita uku akuimba mluzu. "Ndipite kwa abwana malaya atakwinyika ngati pepala lokulungira usipa?" Iwotu ndi mesenjala ku maofesi a boma. Ndawauza kuti popeza lamuloli latuluka m'maofesi awo omwewo, akasitire komweko.

A Chiwaya, amene amandibweretsera makala panjinga kuchokera ku Dzalanyama, lero sanaoneke. Ndaswera kusuzumira kumsewu ngati mtsikana wodikira chibwenzi.

Pampopi nkhani ndi imodzi. Wina akuti a zankhalango atseka msewu wa ku Likuni. Wina akuti akulowa m'nyumba. Wina akuti akumanunkhiza anthu m'manja. Kumsika kamulu ka makala kafota, ukhoza kukaika m'thumba la malaya, koma mtengo wake ngati nyama.

Sindigonja. Thumba langa likwanira, bola aliyense alisiye.

Lachitatu

Apongozi afika kuchokera ku Nkhotakota. Osatumiza uthenga. Abwera ndi mpunga, nsomba zouma ndi kajuzi kopyapyala. Mawu awo oyamba: "Mayi wanga ine, Lilongwe wanuyu mumakhala m'madzi?" Mano gwedegwede. Mwana wawo akundiyang'ana, ine ndikuyang'ana kumbali, iye akundiyang'anabe.

Khitchini ndatsegula ndekha. Lamulo langa linaiwala ndime ya apongozi.

Akhala pa mbaula kuyambira m'mawa, miyendo uku ndi uku. Moto ukangoti uchepe: "Apongozi, taonjezani pang'ono." Aotchapo mbatata. Aotchapo nsomba. Aitana mayi oyandikana nafe kuti adzaothe nawo, ati kuotha wekha n'kudzikonda.

Masana a Chiwaya atulukira wapansi, fumbi mpaka m'nsidze. Njinga yalandidwa pamodzi ndi matumba onse. Njinga imeneyo ndiyo imadyetsa ana awo. Ndawapangira tiyi, amwa. Ati, "Mayi, mitengo ikuthadi, ine ndimaona ndi maso anga. Koma ndikasiya, ndidya chiyani?" Tiyi nayenso wadya makala.

Thumba lafika m'chiuno.

Lachinayi

Nzeru zatsopano! Ndinamva kuti utuchi ukausakaniza ndi mapepala onyowa ndi dothi pang'ono, n'kuumba, umayaka ngati makala. Palibe lamulo loletsa utuchi.

Ndapita ku Mchesi kwa akalipentala, andipatsa waulere, akuseka. M'minibasi kondakitala wandilipiritsa mpando wa thumba. Ndaumba timibulu tokongola, ndayanika padenga. Dzuwa palibe, mitambo yokhayokha ndi kamphepo kolasa.

Ndalephera kudikira, ndayesa mbale imodzi ya masikono.

Utsi! Utsi wachikasu, wonunkha vanishi. Apongozi atuluka akutsokomola, ati ndikufuna kuwathamangitsa. Anthu abwera ndi ndowa zamadzi poganiza kuti nyumba ikupsa. Masikono atuluka aawisi m'kati, kafungo kake ngati kabati yatsopano. Ndaponyera galu wa eni nyumba limodzi. Walinunkhiza, wandiyang'ana, wachoka.

Mayi Nyagondwe adutsa madzulo. "Zonse zili bwino, eti? Alendo a ku Rumphi anyamuka mawa." Ndati zili bwino kwambiri, ndaimirira potchinga chitseko cha khitchini.

Lachisanu

Ngati makala sabwera kwa ine, ndipita ndine. A Chiwaya andilozera mnzawo wina amene wabisa matumba kuseri kwa dambo. Ndabwereka wilibala. Ndatenga bulangete la bambo a Tiya ndi pilo.

Thumba lagona bwinobwino muwilibala, pilo kumutu, bulangete mpaka kumapazi. Aliyense wofunsa, ndi odwala, tikupita kuchipatala. Ndadutsa pamaso pa mlonda wa zankhalango mutu uli pansi, nkhope yachisoni. Wandivulira chipewa! Ndikanaseka, koma ndangokankha wilibala.

Tsoka landipeza pafupi ndi kwathu. Amayi a chigwirizano, gulu lonse, mayunifolomu oyera mbee, akuchokera koona wodwala weniweni. "Ndani, mayi? Apongozi aja?" Ndisanayankhe andizungulira, ayamba nyimbo. Amayi a tcheya agwada m'fumbi, apemphera mwamphamvu, kenako akuti aike dzanja pamphumi pa wodwala.

Dzanja labwerako lakuda bii.

Kenako wina: "Mwagula kuti?" Pemphero lathera pomwepo, aliyense akufuna njira ya kudambo.

Kunyumba ndamasula thumba. Pamwamba makala abwino, akuluakulu, olira ngwe. Pansi pake fumbi, zibuma ndi miyala yopaka mwaye. Ndakankha miyala kuchokera kudambo, n'kuifunditsa bulangete kuti isazizidwe!

Sindilira. Apongozi akuyang'ana.

Loweruka

Tsiku lafika. Makala onse, akale ndi atsopano, akwanira mbale zoyambirira basi. Mtanda wotsala wadzaza beseni, ukufufuma, ukundidikira.

Ndayang'ana pabwalo. Chouma n'chiyani pano?

Mpando wothyoka mwendo: m'moto.
Mpini wa khasu: m'moto.
Khola la nkhunda lopanda nkhunda: m'moto.
Mpanda wa bafa, udzu ndi nsungwi zomwe: m'moto!

Bambo a Tiya akuwa, "Iwe, bafa!" Ndawauza kuti agwire mbali inayo. Agwira. Ngakhale apongozi athyolako nsungwi, ati ukwati wa mwana wa munthu sungachite manyazi chifukwa cha bafa.

Moto wa udzu ndi wamisala, umalilima kamodzi n'kufa. Masikono ena akuda pansi, ena atuwa pamwamba, ena apendekera mbali imodzi. Ndapala opserera ndi mpeni, abwino ndaika pamwamba. Nzeru imeneyi ndaphunzira dzulo kudambo.

Ndafika kuholo mochedwa, dengu pamutu, tsitsi likununkha utsi. Mayi Nyagondwe avundukula nsalu, apisa dzanja mpaka pansi, atulutsa lakuda. Aliyang'ana nthawi yaitali. "Alendo agona m'basi, ali ndi njala. Adya." Adyadi, osatsala n'limodzi lomwe. Koma ndili pakhomo ndawamva akuuza mayi wina amene akukwatitsa mwezi wamawa kuti ku Area 47 kuli munthu wa chitofu cha magetsi.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Bafa lili pambalambanda, aliyense wodutsa akuona mwala wokhulira mapazi ndi kasopo. Tasamba kumaso kokha. Apongozi akwera basi m'mawa, ati kwawo n'kotentha ndipo anthu amasamba mobisika.

Masana ndili pakhonde, ndamva kulira kwa njinga yolemedwa. A Chiwaya! Njinga yobwereka, matumba atasanjikizana mpaka kupitirira mutu, dzuwa likuswa mtengo, osabisa n'komwe. Ndathamangira kumsewu.

Saima. Angochepetsa liwiro. "Pepani mayi, onsewa ali ndi mwini. Bwana wina wa ku Area 10, magetsi anazima kuyambira Lachisanu. Pamsewu ndangotchula dzina lake, a zankhalango andikankhirako njinga pachitunda."

Ndawabayibitsa. Ana awo adya sabata ino, ndi bwino.

Mgolo ndautsuka, ndaugubuduzira pansi pa denga, uzidikira madzi a mvula. Mawa ndilawirira kudambo ndi chikwakwa, ndikamwete udzu wa bafa. Za udzu sanalengezebe kanthu.