Kabokosi kanga pa maliro a bambo Mwale

Ine ndinaphunzira ku mishoni, kumene belu likalira umasiya ngakhale chiganizo pakati, choncho zopanda dongosolo sindizikonda. Nditapuma uphunzitsi ndinapangira mpingo wathu ku Mnkhanya kabokosi ka mawaya, koika pakati pa maikolofoni ndi sipika, kuti mawu a wofuula azitsika, a wonong'ona azikwera. Vuto linali limodzi: ndikakayatsa, sipika inkagunda kuti gu! ngati mfuti yoopsezera njovu, azimayi n'kudzidzimuka.

Ndiye ndinaikamo lileyi, kaswichi kodzisintha kokha, kuti mawu azilambalala kabokosiko kwa masekondi teni mpaka kakhazikike. Kugunda kunatha. Chimene sindinaganize n'chakuti kabokosi kakazima mawu azilambalalanso, n'kukafika ku sipika osachepetsedwa. Kale ndikakazimitsa kunkangoti zii, ndipo ndivomere, ndi mmene ndinkadulira anthu otalikitsa nkhani.

Sabata yomweyo kunagwa maliro a bambo Mwale, sikauti wolondera nyama, wa mumpingo mwathu. Woyendetsa mwambo ndinali ine, kabokosi kanga kali pambali, ndipo ndinalengeza kuti wolankhula aliyense ali ndi faifi minitsi. Anaimirira a Sakala, malume a malemu, nayamba mbiri kuchokera kwa agogo, dzuwa lili pamutu, adzukulu okumba manda akudikira. Atapitirira kwambiri ndinazimitsa kabokosi. Mawu anakwera kuposa poyamba! Kodi munthu wanzeru sakanazindikira pomwepo? Ine ayi, ndinati mkuluyu wangoyamba kufuula. Ndinapita, ndinawalanda maikolofoni, ndipo ndili nayo m'manja, poyesa kuti ndi yozima, ndinanong'oneza mkulu wa mpingo mnzanga:

"Malemu akudwala mkuluyu sanabwere ngakhale tsiku limodzi, lero ndiye akudziwa mbiri."

Mawu anga anatulukira pa sipika ya mumtengo wa mango. Amayi oferedwa anadzutsa mutu, abale a mbali ziwiri anayamba kuyang'anizana, ndipo ulemu umene ndinausunga moyo wanga wonse ndinauona ukupita. A Sakala sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, pitirizani. Mwina mbiri yanuyo ndi yaifupi."

Posokonezeka ndinazula waya wa ku batire, kenako ndinagwada n'kupepesa bwinobwino ndi mawu osankha, m'maikolofoni yoti ndazimitsa ndekha. Chipongwe chinamveka mpaka kumsewu, kupepesa anakumva anthu atatu.

Maliro atatha ndinapalasa njinga kupita kwa a Sakala ku Kakumbi, nkhuku ili kumbuyo, ndikuopa kuti andibweza nayo. Anandisiya pabwalo nthawi yaitali, kenako anailandira, nandiuza kuti poti mbiri ija ndinaidula, ndiimve ndekha. Anayambiranso kwa agogo mpaka dzuwa kupendeka. Wotchi sindinaiyang'ane.

Lileyi ndaisiya momwemo, ilibe mlandu. Koma mpaka tsiku limene adzanene mbiri yanga, sindidzanenanso munthu chinthu cha waya chili m'manja mwanga.