Kuthamanga Popanda Wondithamangitsa

Lolemba
Buku lija anandibwereka amadamu ndalimaliza! Akuti kunja kuno kuli anthu amathamanga popanda chowathamangitsa. Amangothamanga basi, mutu nkupepuka, manyazi nkutha. Ineyo manyazi ndiye matenda anga. Ndikufuna ndilaweko zimenezo, ngakhale kamodzi. Ndakonza:
– nsapato zapulasitiki
– siketi yakale
– mtima

Lachiwiri
Ndayamba m'mawa, njira yakudambo. Kungofika pamjigo, azimayi atatu atula zidebe. "Mwanawe, watisiya ndani?" Ndikuti palibe. Sakukhulupirira. Wina wayamba kale kulira, akuti a Nabanda, aneba athu, amadwala. A Nabandawo ali m'dimba mwawo, akuthirira mpiru!

Lachitatu
Ndasintha njira, ndadzera kumashedi a fodya. Ana a matenanti kungondiona, onse liwiro pambuyo panga, akukuwa kuti kwatuluka gule. Kamtsikana kena kandipitirira katabereka mwana. Katabereka mwana!

Lachinayi
Ababa akuti mwana wa mkulu wa mpingo sathamanga ngati waba nkhuku. Amayi andiikira kumbuyo: "Musiyeni, koma azinyamulako kanthu, anthu adziwe kuti watumidwa." Andipatsa botolo ndikagule mafuta ophikira. Lero palibe wandifunsa. Koma m'buku muja za botolo mulibe.

Lachisanu
Mbiri yawanda. Ndikuthamanga ndi:
– foni ya amalume, yokatchajitsa
– uthenga wa akwaya
– nkhuku yamoyo ya a Nabanda, yopita kwa mwana wawo
Mutu sunapepuke. Nkhuku yandiipitsira siketi.

Loweruka
Ndazemba chimanjamanja, msewu waukulu. Kwa kanthawi ndikuzimva ndithu: mphepo m'makutu, miyendo ikungopita yokha, sindikuganiza za munthu. Mwina ndi zimenezi! Kenako wakabaza waima pambali panga. "Asisi, kuli matenda eti? Kwerani, musalipire." Ndachita manyazi kukana. Wanditula pageti pa chipatala ku Kabudula, thukuta lili kamukamu, akuti Mulungu akhale nafe. Ndathokoza. Pobwerera, wapansi.

Lamulungu
Miyendo yauma ngati mitengo. Kutchalitchi, pa zolengeza, alembi akuti amene ali ndi uthenga wopita kumilaga yakutali asavutikenso, Ambuye atipatsa mtsikana waliwiro. Mpingo wonse kundicheukira. Ababa akumwetulira. Ine maso pansi.
Mawa ndili ndi maulendo anayi. Ndipita, nanga ndikana bwanji? Koma ndiziyenda pang'onopang'ono, mpaka aiwale.