Shawelo Yofiira ya Malemu aNabanda

Mpaka lero amayi ena akumudzi akandiona amaphimba pakamwa ndi chitenje, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinawaopseza, ine mwini ndikunjenjemera nawo limodzi.

Akazi anga aNabanda atamwalira, ndinatsala pamudzi pawo kufupi ndi Kasina, pamene ndinakhala pachikamwini. Abale awo anandilola kukhalabe m'nyumba ndi kulima dimba la kachewere. Zovala za malemu anagawana monga mwa mwambo, koma shawelo yawo yofiira ndinaibisa pansi pa matiresi. (Musandifunse chifukwa. Inkanunkhirabe sopo wawo.)

Kenaka thupi linayamba kundizizira. Kuno kumazizira kale, koma uku kunali kuzizira kochokera m'mafupa. Nkhope inatupa, mawu anasasa, kuyenda kunakhala kwa bilimankhwe. M'mawa popita ku Misa ndinkafunda shaweloyo mpaka kumutu, n'kuima pang'ono m'mphepete mwa manda kuwapempherera. Ndikayandikira kutchalitchi ndinkaipinda m'chikwama kuti asandione nayo.

Tsiku lina aNamaseko, oyandikana nafe nyumba, anabwera n'kukhala pansi chapatali.

"Bambo, mayi aja akuoneka."

"Mayi ati?"

"Akwanu. M'chifunga, popita kunkhuni. Angoima chete kumanda kuja."

Sindinafunse kuti anavala chiyani (munthu ukamva zotere sufunsa za zovala). Ndinangoti mzimu wawo ukusowa mapemphero. Ndinayamba kulawirira, n'kumaima nthawi yaitali, ndikuimba nyimbo ya Maria imene ankaikonda. Maso ndinkatsinzina, kuopa kuwaona.

Mbiri inabwera yoti tsopano akuimba, ndi mawu ochokera pansi pa nthaka. Ndinaopa kwambiri, ndinayamba kugwada pamamepo. Mbiri inabweranso yoti akumalowa m'nthaka anthu akuona, n'kutsala mutu ndi mapewa. Amayi anasiya kutola nkhuni mbali imeneyo. Ine chakudya chinaleka kulowa.

Alamu anga aBanda, mkulu wa banjalo, anandipeza padimba.

"Alamu, mlongo wathu sakugona. Akufuna nyumba yake. Loweruka tikusudzulani, mubwerere kwanu."

Kwathu kumene ndinachoka ndili mnyamata, kumene ndilibe ngakhale mzere umodzi wolima. Sindinatsutse. Ngati aNabanda sakundifuna, ndine yani?

Lachinayi mwana wanga wamkazi anandikakamiza kukamva zotsatira za magazi amene anandiyeza kuchipatala. Ndinanyamuka m'mamawa, osadzera kumanda. Adokotala, mayi wodekha, anandigwira pakhosi.

"Vuto lili apa, bambo, pachithokomiro. Chimatumiza uthenga m'magazi wouza thupi kuti lifunde. Thupi lathu ndi timaselo tambirimbiri, kalikonse kali ndi kakhungu kake kokatchinga. Uthengawo sungobowola n'kulowa. Pakakhungupo pali timapuloteni timene timaulandira n'kuunyamulira m'kati."

"Ndiye tanga tafa?"

"Ayi, tilipo. Tikungodikira pakhomo. Uthenga ndiwo ukubwera wochepa."

Ndinaganiza za tinthu tosaonekato, taima m'thupi mwanga usana ndi usiku, tikudikira mawu osafika. Ndinatimvera chisoni ngati abale anga.

Anandipatsa timapiritsi tomwa m'mawa ndisanadye. Kenaka anafunsa, "Nanga chifunga cha kwanu kuja mumapirira nacho bwanji?"

Ndinatulutsa shawelo m'chikwama n'kufunda monga ndinkachitira, kuti ndiwaonetse. Potembenuka, maso anga anagwera pagalasi la zenera. ANabanda anali pomwepo, atawerama, akundiyang'ana ndi nkhope yotupa. Ndinabwerera m'mbuyo n'kugunda sikelo. Iwonso anabwerera.

Ndinakhala pansi. Apo m'pamene ndinazindikira amene amayi aja ankamuona kumanda.

Loweruka abale anasonkhana pakhomo. Ndinapempha kuti andidikire, ndinalowa m'nyumba, n'kutuluka nditafunda shawelo. Mayi wina anakuwa. Ndinagwada n'kuyamba nyimbo ya Maria ndi mawu anga osasawo.

Kenaka aBanda anayamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, mlongo wanga anali wokongola. Mwamunyozetsa."

"Ndapepesa, alamu."

"Ndiye munkathawa ndani, poti mzukwa munali inu?"

"Ndinkatsinzina."

Anagwirizana kuti nyumba ndi dimba ndikhale nazobe, koma shawelo ipite kwa mng'ono wa malemu, kumene inayenera kupita kalekale. Ndinaipereka ndi manja awiri.

Anthu akubalalika, aNamaseko anatsalira. Iwo sanaseke tsiku lonselo.

"Bambo, kuchipatala mwati munapita liti?"

"Lachinayi."

"Shawelo munatenga?"

"Inali m'chikwama."

Anayang'ana cha kumanda, kumene mitengo inali itayamba kumira m'chifunga.

"Ine Lachinayi ndinawaonanso," anatero motsitsa, n'kunyamula ndowa yawo.

Mwina anasokoneza masiku. Ndine munthu wosafulumira kuweruza, ndipo sindinawafunsenso. Mapiritsi ndikumwa, thupi lafunda, mawu abwerera, moti tonyamula uthenga tija tiyenera kuti tatanganidwa. Ndaphunzira kuti ukamva za mzukwa, uyambe wafunsa kuti unavala chiyani. Koma ku Misa masiku ano ndimadzera njira yakumsewu, ngakhale ndi yozungulira.