Katundu wa Amayi Amene Sanagawidwe

Lolemba

Lamulungu likudzali tikuvundukula mwala wa pamanda a amayi. Zonse zili m'malo. Simenti yauma, nkhuku zili m'khola, amalume a ku Zengeza 3 asiya kudwala.

Kenako kukufika Tadala, mwana wa achimwene, amene amathandiza pa kafukufuku ku yunivesite. Akudya mbatata yanga uku akundiuza kuti munthu sakhala yekha. M'matumbo muli tizilombo tosaoneka, tosawerengeka, timene timagaya nawo chakudya. Akuluakulu ake akuti munthu ndi tizilombo take ndi chinthu chimodzi. Ndikufunsa kuti tangato ndinatitenga kuti.

"Toyamba ndi ta gogo, tete. Pobadwa ndi poyamwa." Tete ndine; kuno azakhali amawaitana choncho.

Chaka chatha, pogawa katundu wa amayi, ndinaimirira pamaso pa amalume n'kulumbira kuti sindinasunge kanthu, ngakhale singano. Kwathu ukabisa cha malemu, mwini wake amabwera kudzachitenga. Ndili ndi masiku asanu ndi limodzi oti nditulutse zonse.

Lachiwiri

Dongosolo:
adyo, mitu itatu
mandimu
masamba a zumbani, kapu yodzaza, kawiri
osadya chilichonse chimene amayi ankakonda

Amayi ankakonda chilichonse kupatula kabichi. Ndikudya kabichi.

Masana m'mimba mukulira. Si kulira kwa njala. Ndi "mmh", yemwe uja amayi ankachita akalawa ndiwo zanga.

Lachitatu

Mai Tembo a khomo loyandikana andipatsa muzu wotsuka m'mimba, wonyikidwa m'botolo la mafuta ophikira. Akuti unathandiza apongozi awo. Ndamwa dzuwa likutuluka. Botolo lisanafike pansi, madzi asiya pampopi. Dera lathu lonse la Unit L gwa.

Maulendo a ku mjigo: asanu. Maulendo enawo sindikuwerenga.

Pamzere mayi wina akundigwira paphewa chakumbuyo. "ANabanda, mwadzuka?" Nditacheuka, wagwetsa chigubu. Akuti wasokonezeka ndi kaimidwe. Nabanda ndi amayi. Ndikuyang'ana dzanja langa: lili m'chiuno, chala chachikulu kutsogolo. Ine sindiima chonchi.

Lachinayi

Ndikuimbira Tadala kuti andiuze tatsala tingati.

"Hazvipere, tete." M'chiyankhulo cha kuno, ndiye kuti sizitha.

Akuti ukatsuka m'mimba tizilombo timachulukananso pa masiku ochepa, ndipo amene angatimalize tonse, wodwala ndi iyeyo. Nanga ta amayi tikadalimo, patatha zaka makumi asanu? "Tina mwina. Ndi zimene tikufufuza." Mwina! Sukulu yonse ija.

Sindikukumbuka kuganiza zopita kumsika, koma ndabwerako ndi therere. Therere ndinalisiya ndili Fomu 2. Ndaliphika ndi soda, ndalidya choimirira, ndanyambita zala.

M'mimba muli zii. Batali likundiopsa kuposa phokoso lija.

Lachisanu

Mphaka wa amayi wabwera. Pogawa katundu anagwera amalume, anapita naye ku Zengeza 3 ali m'thumba, pa kombi, minibasi ya kuno. Chaka chathunthu osamuona. Lero ali pakhomo, fumbi thupi lonse.

Mphaka ameneyu sanandikondepo. Wakwera pamiyendo panga, watsamiritsa khutu pamimba panga, watsinzina. M'mimba: "mmh." Mphaka wayankha.

Adyo ndataya.

Loweruka

Amalume afika kudzatenga mphaka wawo. Ndaulula zonse, kuyambira mbatata ija. Aika chipewa pabondo. Sakuyang'ana nkhope yanga. Akuyang'ana mimba.

"Achemwali," akutero motsitsa mawu, "mwanayu sanadziwe."

Kenako kwa ine: "Chimene sichinagawidwe chigawidwe. Mawa, tisanapite kumanda."

Chigawidwe bwanji? Maso anga apita pa mpeni wa nkhuku. Mwamwayi Tadala alipo, akusenda anyezi. Akuti anthu okhala nyumba imodzi, odyera mbale imodzi, amapatsirana tizilomboti popanda wowauza. Amalume akugwedeza mutu ngati anadziwa kalekale. Masipuni onse awatsekera m'kabati, kiyi m'thumba la jekete.

Lamulungu

Mbale imodzi yaikulu ya therere, sadza, nsima ya kuno, pambali, anthu khumi ndi anayi pamphasa. Amalume akufuna tonse tisambe m'manja m'beseni limodzi. Tadala wakana, akuti kolera amagawidwanso motero, ndipo wathirira aliyense ndi jagi ndi sopo. Amalume akudandaula kuti ndiye tikugawa theka.

Woyamba kupisa dzanja ndine. Ena akutsatira monga mwa ukulu. Alamu anga, amene kwawo amadya ndi foloko, akumeza ngati akulumbira kukhoti.

Kumanda nsalu yachotsedwa. Dzina analemba bwino. Abusa akuti tikhale chete mphindi imodzi.

Mimba yanga: "mmh."

Kumanzere kwanga, ya amalume: "mmh." Kenako ya achimwene, ya alamu, mpaka kumapeto kwa mzere. Palibe akuyang'ana mnzake. Tadala akunong'ona kuti ndi soda chabe, koma naye dzanja lili m'chiuno.

Amalume alengeza kuti katundu wagawidwa, lumbiro langa layera. Gawo lalikulu latsala kwa ine, poti ndine mwana woyamba. Mphaka wakana kulowa m'thumba.

Therere la mawa ndagula kale. Mchere ndichepetsa. Amayi sakonda wambiri.