Abiti Jali Akubipa

Lolemba
Uthenga wandipeza m'khola: komiti ya dambo yandisankha kulowa m'malo mwa mkazi wanga, Abiti Jali, amene tinawaika masabata atatu apitawo. "Inu mumawerenga mabuku, aphunzitsi," atero wapampando, Che Bwanali. Ntchito ndi youza eni ng'ombe kokadyetsera, pa foni ya malemu yomwe ija.
Mvula inadula. Msipu watsala mbali ziwiri zokha. Ng'ombe zikamadya mosinthana, zifika dzinja. Wa mayunitsi palibe, ndiye timangobipa:
kamodzi, kum'mawa;
kawiri, kumadzulo;
katatu, moto.
Ine ng'ombe yanditsalira imodzi, Nyemba. Nthiti zake ndimaziwerenga ndili pakhonde.

Lachiwiri
Kunyumba kwanga kuno netiweki ili pachulu pokha. Ndakwera, ndabipa eni ng'ombe khumi ndi awiri, kamodzikamodzi. Palibe ng'ombe yasuntha.

Lachitatu
Chifukwa chadziwika. M'mafoni mwawo nambalayi inalembedwa "Abiti Jali". Mayi Namacha yawo aiponya m'nkhokwe. Malo alimo ambiri chaka chino. Akuti, "Malemuwo ndinawasambitsa ndekha ine, lero akundifunanji?"

Lachinayi
Khomo ndi khomo, kufotokoza kuti wobipayo ndine. Onse amva. Koma kufufuta dzina, akana. "Iyayi, aphunzitsi, masiku makumi anayi asanakwane? Sadaka isanachitike tiwathamangitse?" M'mabuku onse omwe ndawerenga mulibe yankho la funso limeneli.

Lachisanu
Pachulu, masana. Ndikufuna kubipa kamodzi, koma maso agwera pa chibaluwa chomatidwa kuseri kwa foni, zolemba za dzanja la malemu. Ndikuwerenga, chala chikungodina. Che Bwanali ndawabipa katatu.
Atuluka mu mzikiti akukuwa moto. Mudzi wonse kuthamangira kum'mawa ndi nthambi ndi zidebe, abusa omwe. Ng'ombe zosiyidwa zalowa kumadzulo, komwe timasungira mwezi wa mawa.

Loweruka
Kumadzulo kwayera ngati bwalo la mpira. Msonkhano pansi pa mtondo. Agwirizana kubwerera ku mluzu wakale. "Malemu sankaphonya," atero Che Bwanali, maso ali pansi. Sindikutsutsa. Koma Nyemba yakhuta koyamba chaka chino.

Lamulungu
Batire yatsala pang'ono, ndipo kotchaja ndi ku Nselema. Ndakweranso pachulu ndi mafoni awiri, ndabipa yanga kamodzi. Dzina lawo lawala, kenako yawoyo yazima. Nanenso sindinafufute.
Chatsala ndi ng'ombe imodzi, theka la dambo, ndi Abiti Jali m'mafoni khumi ndi atatu.