Makompyuta Atatu a Muofesi ya Sukulu

Lolemba
Mayeso a masamu a giredi 7 anatuluka asanalembedwe. Ana onse akhoza, ngakhale aja osadziwa kugawa. Ahedi, a Tembo, akuti vuto ndi makompyuta atatu a muofesi, ndipo poti ndimaphunzitsa kompyuta, ntchito ndi yanga. Sukulu yathu ndi yaing'ono, kuno ku Chowa. Mayeso a Lachisanu akatulukanso, makolo ayamba kuchotsa ana.
Panopa tonse timalowera akaunti imodzi. Pasiwedi yake: sukulu.
Pulani yanga:
- mphunzitsi aliyense akaunti yake
- pasiwedi yaitali, zilembo ndi manambala
- sikirini izidzitseka yokha pakatha mphindi zisanu
- faiyawolo, yotchinga zolowa kuchokera kunja, iyatsidwe
- makiyi a zonse akhale ndi ine ndekha

Lachiwiri
Maakaunti asanu ndi awiri apangidwa. Pofika teni koloko anthu anayi aiwala kale mapasiwedi. Ba Mulenga a sayansi: "Mwandi mnzanga, pasiwedi ya foni ndili nayo, ya banki ndili nayo, mutu ndi umodzi."
Amayi Zulu aika dzina la mwana wawo ngati pasiwedi. Mwanayo ali mu giredi 7!

Lachitatu
Faiyawolo yayaka pa makina onse. Ikugwira ntchito bwino kwambiri, moti yatchinganso pulinta. Aphunzitsi tsopano akuyenda ndi fulashi imodzi kuchoka pa kompyuta iyi kupita pa iyo. Fulashiyo mwini wake sakudziwika.
Maola awiri kutsegulira pulinta kanjira. Yadzuka n'kulavula zonse zimene zinali pamzere. Kalata ya Ba Mulenga yofunsira ntchito kusukulu ina yatuluka kasanu. Wotola ndi ahedi.

Lachinayi
Sikirini yadzitseka ahedi ali pafoni. "Sukulu ndi yanga, makina azindifunsa kuti ndine ndani?" Mphindi zisanu zachotsedwa. Afunanso pasiwedi yaikulu, makiyi a zonse aja. Ndawapatsa. Ailemba pakalendala ya pakhoma, ndi peni yofiira, kuti isasowe.

Lachisanu
Mayeso a sayansi, a ola limodzi. Ana amaliza m'mphindi makumi awiri. Wina wayankha funso limene tinalichotsa dzana.
Ndafufuza amene analowa m'makompyuta sabata yonse. Wachilendo palibe. Ahedi sakundilankhula.

Loweruka
Kumsika. Ndagula zitumbuwa kwa amayi aja amagulitsa pageti pa sukulu. Andikulungira m'pepala. Ndili m'minibasi ndawerenga: "Funso lachinayi. Tchulani mbali zitatu za duwa."
Ndatsika, ndabwerera wapansi.
Amayiwo: "Alonda ndiwo amanditolera m'bini ya muofesi, aphunzitsi. Mapepala anu ndi abwino, sabooka ndi mafuta."
Ndiye kuti mphunzitsi akapulinta mayeso n'kupeza cholakwika, amataya m'bini n'kupulintanso. Ana amagula chitumbuwa chimodzi, mafunso n'kupatsidwa ulere. Amayiwo akuti chiyambire Januwale!

Lamulungu
Ahedi ndakumana nawo potuluka m'tchalitchi. Ndawafotokozera zonse: bini, alonda, zitumbuwa. Amvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako: "Chabwino amayi, mwagwira ntchito. Mawa muikenso chitetezo pabinipo."
Ndati ndamva.
Pobwerera ndagula bokosi la machesi.